Mayi anga akukana jakisoni wa B12, akuti achira

Abale pagulu pano, ndithandizeni nzeru.

Mayi anga ali ndi zaka 63. Kwa zaka ziwiri ankangodandaula kutopa, akayenda pang'ono wefuwefu, zikhatho zoyera mbee. Kuchipatala anati magazi achepa, n'kuwapatsa mapilisi a ayironi ndi folic acid. Magazi anakweradi. Koma mapazi anayamba dzanzi, akuti ngati nyerere zikuyenda mkati, lilime n'kusalala, lofiira psuu. Chomwe chinandiopsa: tsiku lina patapata anavuka panjira, iwo n'kumangopitirira, phazi limodzi lili pansi osamva.

Dokotala wina ndiye anayeza vitamini B12. Anapeza yatsikiratu, maselo ofiira a magazi ndi akuluakulu mopitirira muyezo, ndipo anati ndi pernicious anemia. Momwe ndinamvera, chitetezo cha thupi lawo chikuwononga maselo a m'chifu amene amapanga intrinsic factor, chimene chimanyamula B12 kuti ikalowe m'magazi kumapeto kwa matumbo aang'ono. Ndiye nyama, mazira, mkaka amadya, koma vitaminiyo imangodutsa.

Anayamba kubayidwa modumphitsa tsiku, pano ndi kamodzi pa miyezi iwiri, moyo wonse. Mphamvu zabwerera, ndiye vuto layambira pomwepo. Akuti, "Ine ndachira, masingano ndi achiyaninso?" Tsiku lawo ladutsa ndi masabata atatu. Kodi mapilisi sangalowe m'malo? Nanga dzanzili lidzatha?

Mayankho

Achemwali, ine ndili nayo nthenda yomweyi. Auzeni mayi kuti chiwindi chimasunga B12 ya nthawi yaitali, n'chifukwa chake munthu akasiya samva kanthu msanga. Imabwerera mwakachetechete. Magazi amakonzeka m'masabata ochepa, koma minyewa imatenga miyezi, ndipo ikawonongeka nthawi yaitali dzanzi lina limakhalira. Zala zanga zakuphazi mpaka lero sizimva bwino.

Mapilisi alipo mayi, a 1000 mcg tsiku lililonse. Amagwira chifukwa pafupifupi gawo limodzi pa 100 limalowa lokha popanda intrinsic factor. Koma mavitamini wamba aja ali ndi B12 yochepa kwambiri, musadalire. Ndiponso munthu amene minyewa yakhudzidwa kale madokotala ambiri amafuna jakisoni. Musasinthe nokha. Folic acid uja ndi amene anabisa vuto: amakweza magazi, minyewa ikupitiriza kuwonongeka.

Ingowapatsani chiwindi chambiri, basi.

Achimwene, zimenezo ndi za 1926. Madokotala George Minot ndi William Murphy ankadyetsa odwala chiwindi chochuluka tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri chosapsa, ndipo mu 1934 analandira nazo mphoto ya Nobel pamodzi ndi George Whipple. B12 yeniyeniyo inapezeka mu 1948. Mukufuna mayi okana singano imodzi pa miyezi iwiri azimeza chiwindi chosapsa tsiku lililonse? Achemwali, mufunsenso za chithokomiro, nthenda ziwirizi zimakonda kuyendera limodzi. Ngati amamwa metformin (mankhwala a shuga) kapena omeprazole (ochepetsa asidi m'mimba), dokotala adziwe, nazonso zimatsitsa B12.

Zikomo nonse. Omeprazole amamwadi, sindinaganizeko n'komwe. Ndawawerengera yankho loyambalo, afika pa zala zosamva zija angoti zii. Akuti tipite Lachinayi, koma za mapilisizo akafunsa okha.