Magetsi akazima autoclave ili mkati, nyengo yotentha ino, anzanga mumatani?

Wa mano, Matawale:

Moni akuluakulu, makamaka inu amene munayamba kale ntchito ya mano. Ndine mayi, dental therapist, ndipo ndili ndi kachipatala kanga kuno ku Matawale: mpando umodzi, autoclave imodzi yamagetsi (makina ophikira zipangizo ndi nthunzi kuti tizilombo tife), ndi mtsikana wondithandiza. Miyezi yozizira ija ntchito inkayenda bwinobwino, koma chilowereni Okutobala mutu wandiima.

Nyumbayi ndi ya malata opanda siling'i. Ikamakwana 11 koloko thukuta limakhala lili kamukamu, magolovesi amanyowa mkati mpaka chozulira dzino chimaterera. Ndikatsegula mawindo, fumbi la mumsewu limadzatera pa thireyi. Ndikatseka, odwala amayamba chizungulire ali pampando.

Chandilembetsa ndi cha dzulo. Autoclave inali itafika pa madigiri 121, nthawi isanakwane n'komwe, magetsi anazima. Pabenchi panali bambo wina wochokera ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, tsaya litatupa mpaka diso kuchepa. Mizere ya patepi yomata pa phukusi la zipangizo, imene imada ndi kutentha, inali itada kale. Mtsikana wanga akuti, "Zapsatu izi adokotala, tiwathandize bambowa." Ine mtima unakana, ndinawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti abwerenso. Koma usiku sindinagone poganizira ndalama ya ulendo imene anawononga.

Ndiye ndifunse: tepi ikada, zipangizo zakhala bwino kapena ayi? Komanso jekeseni wa dzanzi masiku ano akuoneka ngati wafooka, ena ndikuwabaya kawiri asanamve dzanzi. Kodi ndi kutenthaku?

Mnzanu wa ku Songani:

Achemwali, zimenezo zisakuvuteni. Magetsi akathawa ife timaviika zipangizo mu JIK kenako n'kuwiritsa mumphika pambaula. Anthu amachokera kutali, kuwabweza n'kuwalakwira.

Mkulu wopuma ntchito, Chinamwali:

Mayi, munachita bwino kwambiri, ndipo musadzikayikire. Achimwene a ku Songani, mundikhululukire, koma apa sindigwirizana nanu. Ndagwira ntchito ya mano m'zipatala za boma mpaka imvi kumera, ndipo ndaona zimene zimachitika tikayamba kuzolowera njira yachidule.

Tepi ija ntchito yake ndi imodzi yokha: kukuuzani kuti phukusi ili linalowapo m'moto. Imada msanga, nthawi isanakwane. Siikuuzani kuti tizilombo tafa. Chimene chimapha tizilombo ndi nthunzi yotentha mokwanira kwa nthawi yokwanira: pa 121, mphindi 20 ngati zipangizo sizinakulungidwe, 30 ngati zakulungidwa, ndipo kuwerenga kumayamba makina akafika pa 121, osati pamene mwatseka chitseko. Ngati yanu imafika pa 134, nthawi imafupika kwambiri, muone buku la makinawo. Magetsi akazima pakati, palibe zopitiriza pamene inalekera. Mumayambiranso. Ndipo phukusi likatuluka lonyowa, limenelo si loyera, chifukwa pepala lonyowa limalowetsa tizilombo ta m'manja ndi pa tebulo.

Kuwiritsa kumapha tizilombo tambiri, sindikukana, koma kumasiya timbewu tolimba tija timatchedwa spores. Chozulira dzino chimalowa m'nkhama, chimakhudza magazi ndi fupa. Chotere chimafuna autoclave basi. Ambiri timaopa HIV yokha, kuiwala kuti kachilombo ka Hepatitis B kamakhala ndi moyo m'magazi ouma pachitsulo kwa sabata yathunthu, ndipo kamapatsirana mosavuta kuposa HIV. Munthu wabwera ndi dzino, apite ndi matenda a chiwindi amene adzawaone patapita zaka? Ayi ndithu.

Tsono chochita n'chiyani? Ine ndinaona kuti nyengo ino munthu susintha kaphikidwe ka zipangizo, umasintha tsiku lako. Muyambe 6:30 m'mawa kukadali kozizira. Ozula mano onse muwaike m'mawa. Dzuwa likamaswa mtengo, muziona ongofuna uphungu, olembera mankhwala, ndi obwera kudzaonetsa bala. Ndalama ikapezeka, musathamangire fani yachiwiri kapena TV ya odikira, mugule zozulira zina, makamaka za mano a kumbuyo a m'munsi ndi ma elevator (zitsulo zogwedezera dzino), chifukwa ndi zimene zimatha msanga. Mukakhala ndi mapukusi okwanira anthu a tsiku lonse, mumaphika madzulo kapena usiku pamene magetsi alipo, mumalemba tsiku pa phukusi lililonse, n'kusunga m'kabati yotseka. M'mawa magetsi azime asazime, inu muli ndi zogwirira ntchito. Mapukusi akatha, kuzula kwatha tsiku limenelo, ndipo izi muziwauza anthu akangofika kuti asataye tsiku pabenchi.

Muganizirenso autoclave yosafuna magetsi, ya ngati poto wamkulu wokhala ndi geji pamwamba, yoika pa gasi. M'zipatala zazing'ono za kumidzi inatipulumutsa kwambiri. Chinsinsi chake n'kulola nthunzi ituluke kaye kwa mphindi zingapo kuti ithamangitse mpweya wonse musanatseke valavu, apo ayi geji imakunamizani.

Za dzanzi, n'zotheka ndithu. Lidocaine amene timagwiritsa ntchito ali ndi adrenaline, ndipo adrenaline amawonongeka ndi kutentha komanso kuwala. Pabokosi pamalembedwa kuti asungidwe posapitirira madigiri 25. M'nyumba ya malata mu Okutobala mumadutsa pamenepo tsiku lililonse. Muwasiye m'bokosi lake, pansi, kutali ndi zenera ndi autoclave. Ena amaika mtsuko waung'ono mkati mwa waukulu, pakati pake mchenga wonyowa, bokosilo n'kulikulunga mu pulasitiki kuti lisanyowe. Musawaumitse mufiriza, ndipo musaviike makatiriji (timabotolo ta mankhwalawo) m'sipiriti. Katiriji likasanduka lachikasu kapena labulawuni, kapena kamphira kake katuluka, tayani. Koma mukumbukirenso kuti dzino lokhala ndi mafinya silimva dzanzi msanga ngakhale mankhwala ali abwino. Muone ngati amene mukuwabaya kawiriwo si otupa.

A chizungulirewo muziwafunsa ngati adya. Ambiri amanyamuka mbandakucha osalawa kanthu chifukwa cha ululu, ena amakhulupirira kuti pokazula dzino sudya. Kapu ya madzi ndi nthochi zimathandiza, ndipo munthu akafooka mumugoneke chagada miyendo itakwera.

Wokonza makina a chipatala, Mpondabwino:

Ine si dokotala, ndimangokonza makina anuwa, koma Novembala aliyense ndimaitanidwa pa zinthu zomwezomwezi. Mundimvere pang'ono adokotala.

Kompresa (makina opopa mpweya) muzitsegula kavalavu ka pansi madzulo aliwonse. Mvula yoyamba ikamayandikira mpweya umakhala ndi chinyezi, madzi amasonkhana m'thanki, amachita dzimbiri, kenako amathera mu handpiece (kachipangizo koboolera dzino) ndi m'kamwa mwa munthu. Ndinatsegulapo ina, munatuluka madzi ofiira onunkha odzaza kapu.

Timapaipi ta madzi ta pampando n'tating'ono, madzi akagonamo usiku wotentha mumamera ndere yoterera imene simungaione. M'mawa musanalowetse munthu, muzitulutsa madzi kwa mphindi 2, ndipo pakati pa wodwala ndi wodwala masekondi 30. Botolo la pampando muzilikhuthula madzulo n'kulisiya louma chozondoka.

Mu autoclave muziika madzi a distilled okha (oyeretsedwa, opanda mchere). A pamjigo amasiya nsanjiko yoyera pa elementi mpaka imapsa. Ndipo magetsi akazima, zimitsani pakhoma. Nthawi zambiri makina amapsa pamene magetsi akubwerera, osati pothawa.

Namwino, Sadzi:

Ndiwonjezeko za JIK imene yatchulidwayi. Ngati ndi ya 3.5%, kapu imodzi ya JIK pa makapu asanu ndi limodzi a madzi imakupatsani 0.5%, yopukutira magazi akatayika. Muzisungunula yatsopano m'mawa uliwonse, m'ndowa yokhala ndi chivindikiro, chifukwa dzuwa ndi kutentha zimaitha mphamvu. Koma zitsulo zanu musazigoneke m'menemo, zimachita dzimbiri m'mfundo ndipo magazi amabisala momwemo. Kutsuka bwino ndi sopo ndi burashi ndiye koyamba.

Thonje la magazi lisagone m'chipinda nyengo ino, pofika masana ntchentche zimakhala zadzaza. Ndipo thanki ya madzi muzivindikira ndi kuthiramo klorini. Kolera ya 2022 ndi 2023 sitinaiwale.

Wa mano, Matawale:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu bambo a ku Chinamwali, mwandikhazika mtima pansi. Mtsikana wanga ndamuwerengera zonse, za tepi zija wadabwa nazo. Bokosi la lidocaine linali pashelefu ya pamwamba, pafupi ndi malata, ndalitsitsa, ndipo ndapezamo makatiriji achikasu ndataya. Bambo a ku Kachulu abwera lero m'mamawa, kutupa kwachepa, dzino latuluka bwinobwino.

Kuyambira Lolemba titsegula 6:30. Za fumbi ndaganiza zoika nsalu ya neti yonyowa pazenera la kumsewu ndi kuvindikira thireyi mpaka wodwala atakhala pampando. Funso lina kwa achimwene a ku Mpondabwino: autoclave ya gasi ija ingapezeke muno mu Zomba, kapena mpaka ku Blantyre?

Wokonza makina a chipatala, Mpondabwino:

Yambani mwafunsa kwa ogulitsa zipangizo za chipatala ku Blantyre ndi ku Limbe. Mukaipeza musalipire musanaone geji ndi valavu yotetezera, ndipo mufunse ngati mphira wa pachivindikiro amapezeka padera. Mukafika nayo mundiuze, ndidzabwera tidzaiyese limodzi isanaphike zipangizo za anthu.