Kodi phunziro la Theory of Knowledge limaphunzitsa ana kupeputsa nzeru za makolo?

Mayi wa ana atatu, Lilongwe:
Mwana wanga wamkazi wayamba maphunziro a kusekondale a International Baccalaureate (IB) Diploma chaka chino, ndipo pakati pa maphunziro ake pali lina lotchedwa Theory of Knowledge, limene iye ndi anzake amangoti TOK. Sabata yatha agogo ake anamuuza kuti mvula yayandikira chifukwa nyerere zayamba kututa chakudya, iye n'kufunsa kuti, "Agogo, mwadziwa bwanji?" Agogowo anangoti chete, ndipo ine zinandikhudza kwambiri. Ndikupempha amene mukulidziwa phunziroli mundifotokozere cholinga chake, pakuti ndikuopa kuti lingamuchotse ulemu mwanayu.

Mphunzitsi wa mbiri yakale:
Mayi, funso limene mwana wanu anafunsa ndilo mutu wa phunziro lonseli. Bungwe la International Baccalaureate, limene linakhazikitsidwa ku Geneva mu 1968, limafuna kuti wophunzira aliyense wa Diploma aphunzire TOK kwa maola osachepera 100, osati kuti aloweze mfundo zatsopano, koma kuti aone mmene anthu amafikira ponena kuti chinthu n'choona m'masamu, m'sayansi ya chilengedwe, m'sayansi ya za anthu, m'mbiri yakale ndi m'zaluso. Funso lomwelo ophunzira amalifunsa kwa katswiri wa zanyengo, kwa wolemba mbiri, ngakhalenso kwa ine mphunzitsi wawo. Dziwaninso kuti umodzi mwa mitu imene sukulu ingasankhe ndi wokhudza nzeru za eni nthaka, ndipo pamenepo zimene agogo anaona kwa zaka zambiri m'munda mwawo zimatengedwa ngati umboni woyenera kuuunika mofatsa.

Bambo wa ku Zomba:
Aphunzitsi, zimene mwanenazo n'zomveka, koma funso labwino likhoza kupweteka likafunsidwa molakwika. Kwathu kuno mwana safunsa wamkulu ngati akumuzenga mlandu. Akadati, "Agogo, ndiphunzitseni mmene mumaonera zizindikirozi," agogowo akadamasuka n'kumuuzanso za mphepo ndi kuphuka kwa mitengo.

Wophunzira amene anamaliza Diploma:
Amayi, ine ndinadutsamo ndipo ndingakuuzeni za mayeso ake. Pali nkhani yolemba ya mawu osapitirira 1,600 pa mutu umodzi mwa mitu isanu ndi umodzi imene bungwelo limapereka, komanso chionetsero chimene wophunzira amasankha zinthu zitatu n'kuzifotokoza m'mawu osapitirira 950. Ine ndinasankha ndalama ya K500 imene ili ndi nkhope ya John Chilembwe, buku langa la kusikelo, ndi chitsononkho cha chimanga cha makolo chimene agogo anga ankapachika pamwamba pa moto kuti chikhale mbewu. Pa ndalamayo ndinafunsa chifukwa chake munthu amene boma la atsamunda linkamutcha woukira mu 1915 lero timamukumbukira pa 15 Januwale ngati ngwazi, komanso amene ali ndi mphamvu yosankha dzina limene mbiri idzamupatse. Koma chimene chinandigwira mtima chinali chimangacho, chifukwa kuti ndilembe za icho ndinakhala ndi agogo kukhitchini madzulo atatu, iwo akundifotokozera mmene utsi umathamangitsira anankafumbwe ndi mmene amayi awo ankasankhira mbewu.

Mayi wa ana atatu, Lilongwe:
Zikomo nonse. Loweruka lino tikupita kumudzi, ndipo ndamuuza kuti atenge kope lake, akakhale pamphasa pafupi ndi agogo ake, akafunsenso za nyerere zija monga mmene Bambo a ku Zomba anenera.