Thumba la chaka chino: mbiri ya Nkhoma kapena mitengo ya m'phiri?

Mlembi: Moni nonse ana a kwa Mazengera. Pa msonkhano wapitawu panatuluka maganizo awiri, ndipo thumba lathu silingakwanitse onse nthawi imodzi. Ena akuti titolere mbiri ya Nkhoma n'kumanga kachipinda kosungiramo, ena akuti tibwezeretse mitengo m'munsi mwa phiri la Nkhoma. Tisanavote, odziwa atiunikire.

A Mbewe: Zikomo a Mlembi. Mbiri ya mishoni siingasowe chifukwa inalembedwa. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anayambira ku Mvera mu 1889, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, ndipo Nkhoma inatsegulidwa mu 1896 m'dziko la Mfumu Mazengera, nthawi imene anthu ambiri ankakhala m'phirimo kuthawa nkhondo. Chipatala chinayamba mu 1915. Buku Lopatulika, lomwe ntchito yolimasulira anaitsogolera William Murray, linatuluka mu 1922. Mu 1926 Nkhoma inalowa mu CCAP, ndipo mu 1962 amishoni anapereka zonse m'manja mwa Sinodi. Chomwe chikutayika ndi mbali ya midzi: mbumba iti inatsika phiri n'kukakhala pati, dambo lakuti analitcha dzina ndani, njira yakale yopita ku Linthipe inkadutsa m'midzi iti. Zimenezi zili m'mitu mwa okalamba basi, ndipo maliro aliwonse akutilanda gawo lake.

Mayi Nabanda: Ndikugwirizana nawo a Mbewe, koma ntchitoyi ili ndi kagwiridwe kake. Musayambe ndi gogo, yambani ndi nyakwawa kapena gulupu, iye ndiye akuuzeni woyenera kufunsa. Kachiwiri, kwathu kuno mtundu umayenda kuchikazi. Mukafunsa amuna okhaokha mudzamva zambiri za kumene anachokera iwo monga akamwini, osati za mudzi umene mwakhalamo. Funsani amayi achikulire: amayi anu anali ndani, agogo anu akuchikazi anabadwira kuti, nkhoswe ya mbumba yanu inali ndani. Za zaka musafunse kuti "chinali chaka chanji?" ayi. Funsani kuti pa njala ya 1949 anali msinkhu wanji, kapena anali ndi ana angati pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964. Chaka mudzachipeza nokha.

Pojambula mawu, foni iikidwe pa nsalu yopinda, osati m'manja, pafupifupi theka la mita kuchokera pakamwa pa wolankhula, ndipo mukhale m'nyumba kapena kuseri kopanda mphepo. Mphindi 45 mpaka ola limodzi n'zokwanira, wachikulire akatopa amayamba kungovomera chilichonse. Poyamba penipeni munene tsiku, mudzi ndi dzina, ndipo gogoyo avomereze ndi pakamwa pake kuti mawu ake asungidwe.

A Phiri: Pepani amayi, zonsezo n'zabwino, koma mbiri imene mukunenayo ndi phirilo. Popanda phiri sipakanakhala pothawira, ndipo mishoni siikanakhala pamenepa. Phiri likakhala lambee, madzi a mvula sakhala ndi nthawi yolowa pansi, amangotsetsereka n'kukumba zigwembe m'minda ya m'munsi, ndipo zitsime zimafulumira kuphwa m'chilimwe. Ine ndikuti nazale. Hekitala imodzi, pobzala motalikana mamita 2 mbali zonse, imalowa mitengo 2,500, ndipo muwonjezerepo mbande zina 500 zobwezera pomwe yafa. M'machubu musakanize magawo awiri a dothi lapamwamba, gawo limodzi la mchenga ndi limodzi la manyowa owolerana. Kufesa ndi mu Ogasiti kapena Seputembala kuti pofika Disembala mbande zikhale zitakhwima. Kuthirira m'mawa ndi madzulo, ndipo masabata awiri aliwonse machubu azisunthidwa, apo ayi mizu imaboola pansi n'kudzaduka tsiku lozula. Kukatsala mwezi umodzi muchepetse madzi ndi mthunzi kuti zizolowere dzuwa.

A Mwale: Achimwene a Phiri, mitengo ndikuifuna, koma machubu 3,000 akufuna madzi tsiku ndi tsiku mu Okutobala, pomwe amayi ali pamzere pa mjigo. Adzathirire ndani? Ambirife tili ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni. Njira yosadya ndalama ndi kusamala ziphukira. Zitsa za tsamba, mombo, msuku ndi muwanga zimakhala zamoyo pansi, mizu yake inazama kale. Pa chitsa chilichonse musiye mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zina zonse mudule ndi chikwanje chakuthwa kuti bala lisakhale long'ambika. Mitengo yamtunduwu ikachokera ku njere imachedwa kwambiri chifukwa imayamba yakulitsa mizu, pomwe chiphukira chimakula msanga. Chimene chimapha zonse, zobzala ndi zophukira zomwe, ndi moto wa osaka mbewa ndi mbuzi zomasulidwa anthu akakolola. Choncho ndalama zipite pa kulambula malire oteteza moto, mamita osachepera anayi m'lifupi, mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse.

A Phiri: Pamenepo mwanena zoona, koma pomwe zitsa zinazulidwa palibe chophuka. M'mbali mwa timitsinje tibzalebe mbawa, katope ndi mkuyu. Njere za mbawa zifesedwe zikangotoledwa, zikakhalitsa sizimera. Bulugamu asayandikire kasupe, amamwa madzi ambiri. Maenje akumbidwe mvula isanagwe, masentimita 30 kuya ndi m'lifupi momwe, ndipo kubzala kudikire nthaka itanyowa bwino, osati mvula yoyamba ija yomwe imatsatana ndi ng'amba.

Msungichuma: Ndiloleni ndinene za chipindacho. Chimene chingatithere thumba ndi njerwa ndi malata, osati mbiri. Ndipo chipinda chopanda woyang'anira ndi chakudya cha chiswe. Mapepala akale amafuna mashelefu achitsulo otalikira pansi masentimita 15, osagunda khoma, denga losadontha ndi mphepo yodutsa. Musawamate pulasitiki yotenthetsa ija kapena selotepi, zimawononga osabwereranso. Maganizo anga: chaka chino tisamange. Zithunzi, makalata, ziphaso zaubatizo ndi malisiti akale a msonkho tizijambule pa sikana, mapepala pa 300 dpi (muyeso wa kaonekedwe kabwino ka chojambulidwa pa sikana), zithunzi pa 600, eni ake tiwabwezere zawo tsiku lomwelo. Zonse zisungidwe malo atatu: pa kompyuta, pa hard drive yokhala nyumba ina, ndi pa intaneti. Musatumizirane pa WhatsApp ngati chithunzi, imachepetsa ubwino wake. Tumizani ngati document.

Mayi Naphiri: Pali zinthu ziwiri zimene sizinatchulidwe, ndipo zikhoza kutiyambanitsa ndi kumudzi. Choyamba, mbiri ya Nkhoma si ya mpingo wokha. Kwa zaka zambiri mpingo ndi gule wamkulu sizinkamwerana madzi, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse. Tikalemba mbali imodzi, ena adzati buku ndi la a mishoni. Koma za kudambwe sizifunsidwa ndi munthu wosameta, ndipo sizijambulidwa. Tilembe zomwe eni ake avomera kuti zimveke pabwalo. Chachiwiri ndi ufumu ndi malire. Gogo akanena pa foni kuti ufumu wakuti unali wa mbumba yakuti, mawa mawu amenewo adzapezeka pa mlandu. Nkhani zotere zisungidwe padera, ziwerengedwe ndi komiti, zisaponyedwe pa gulu pano.

Ndipo a Phiri, mitengo yachilengedwe ikuluikulu yotolako njere yatsalira kwambiri kumanda. Kumeneko salowako popanda chilolezo cha mfumu, ngakhale kukatola njere chabe.

A Mwale: Nkhani ya malire ikukhudzanso mitengo. Tisanalambule paliponse tidziwe pa mishoni ndi pati, pa mafumu ndi pati. Pa malo a mudzi, lamulo la zankhalango la 1997 limalola nkhalango ya m'mudzi yoyang'aniridwa ndi komiti ya zachilengedwe. Komitiyo ndiyo imaika malamulo a mbuzi, moto ndi nkhuni, mothandizana ndi mlangizi wa zankhalango. Popanda zimenezi anthu adzati ndi mitengo ya anthu a m'tauni, ndipo palibe adzathamangire kukazimitsa moto.

Wapampando: Zikomo nonse. Zakumanga taziimika kaye. Pa voti ya Loweruka pakhale zinthu zitatu: kujambula okalamba m'midzi itatu yoyambirira, kusamala ziphukira pa hekitala imodzi, kapena kugawa thumba pawiri. A Mwale ndi Mayi Naphiri, musanafike Loweruka mukaonane ndi magulupu a m'munsi mwa phiri ndi a ku ofesi ya Sinodi pa za malire. A Phiri, mutipezere mtengo wogulira machubu ndi zikwanje, mutumize kwa a Msungichuma pofika Lachinayi.