Pulagi yathyokera mu hedi ya 3RZ, mwini galimoto akuifuna mawa

Phiri wa ku Gazaland: Akuluakulu thandizeni msanga. Hilux ya petulo, injini 3RZ, pulagi ya namba 3 yandithyokera m'manja. Zitatu zinazo zatuluka bwinobwino. Iyi inayamba kulimba, ndinangoika paipi pa chogwirira kuti ndiwonjezere mphamvu pang'ono, ndangomva thyo. Mu soketi mwatuluka hekisi, mbali ya makona sikisi yogwira soketi ija, ndi theka la poselini, choyera cha pakati pa pulagi, mathiredi onse atsalira mkati pamodzi ndi nsonga yoyera ija. Mukudziwa nokha kuzama kwa dzenje la pulagi pa injini imeneyi, ngakhale uunike ndi tochi ukungoona kamphete ka dzimbiri basi. Mwini wake amatenga tomato ku Mutoko kubwera naye ku msika wa Mbare Musika muno mu Harare, akuti mawa usiku ikhale ili panjira, wandiimbira kale kanayi. Mafuta omasula dzimbiri a WD-40 ndathira kuyambira 10 koloko. Easy-out, kachida kozulira zitsulo zothyokera m'dzenje, ndili nayo ya spiral yokha, yopotana ija. Hedi, mutu wa injini, sindikufuna kutsitsa, munthuyu anangobwera kudzapangitsa sevisi, ndalama ya gasiketi alibe. Amene munakumanapo nazo, munayambira pati?

Madala Banda: A Phiri, tsitsani hedi. Njira zina zonsezo mudzafikabe pomwepo, koma mutaononga kale.

Mwale wa ku Graniteside: Achimwene, spiral ija muibweze m'bokosi. Ikamalowa imatukumutsa kachitsulo katsalako, ndiye mukamakhotetsa ndi pomwe kakukanirira kwambiri mu aluminiyamu. Pezani ya makona anayi, yogogoda pang'onopang'ono, imaluma popanda kufutukula kwambiri. Koma musanaganize za easy-out, poselini watsalayo atuluke kaye, ndipo atulukire kumwamba. Musamugogodere pansi ayi.

Phiri wa ku Gazaland: Ndiye ndimutulutse bwanji? Pulayala yaitali sikufika, ndayesa.

Mwale wa ku Graniteside: Hekisi ikachoka palibenso chomugwira kumwambako, wangokhala pa kaphewa ka mkati. Zulani fyuzi ya EFI, yoyendetsa zopopera petulo mu injini, chotsani mawaya a koyilo, phimbani dzenjelo ndi chisanza chochindikala chopinda kanayi, wina azungulitse injini ndi kiyi kamodzi kapena kawiri. Kompuresheni imamukankha yokha. Koma nkhope yanu ikhale kutali, amatuluka ngati chipolopolo. Wanga wina anakamenya malata a shedi mpaka anasiya chibowo. Akatuluka muone ngati ali wathunthu, mulumikize ndi theka lili m'manja mwanulo. Pakasowa kachidutswa, dziwani kuti kali pa pisitoni.

Madala Banda: Mwamva nokha, "kali pa pisitoni". Ndi zomwe ndikunenazo. Poselini ndi wolimba kuposa khoma la silinda. Kanthu konga njere ya mchenga kakatsalira, kamakanda khoma ndi kudya pa mpando wa valavu. Galimoto ichoka ikulira bwino, pakatha mwezi ibwera ikufuka utsi, ndipo mwini wake sadzatchula pulagi, adzatchula dzina lanu. Tsitsani hedi.

Mbewe wa ku Mabvuku: Madala mukunena zoona koma hedi ya 3RZ si ya Mazda B1800 yomwe timatsitsa tisanadye nsima ya masana. Apa pali makamu awiri, pali tcheni ya tayimingi, manifodi zonse zichoke. Ukaitsitsa uyenera kupita nayo ku injiniyaringi aone ngati sinapindike, ndiye magetsi a masiku anowa ukafika upeza makina ali zii, akuuze ubwere mawa. Tsiku limodzi silikwana. Ine inandichitikirapo pa Nissan Hardbody ya injini ya KA24, ya bambo wina wonyamula nkhuni ku Domboshava. Anali atatha zaka zingapo osasintha mapulagi, ndipo injini ankaitsuka ndi paipi ya madzi sabata iliyonse chifukwa ankaikonda kwambiri. Madzi aja ankakhala m'munsi mwa pulagi, chitsulo chinadyeka pakhosi penipeni mpaka chinatsala ngati pepala. Ndinangoigwira, inaduka. Ndinaviika masiku awiri ndi ATF, oilo wa giyabokosi ya otomatiki, yosakaniza theka ndi theka ndi acetone, m'mawa kuthira, madzulo kuthira, kenako ya makona anayi ija. Inayamba kusuntha pang'ono kwambiri, ndinkabweza, kupititsa, kubweza, kuthiranso. Itatuluka manja anga anali akunjenjemera. Bambo aja mpaka lero amandibweretsera mbatata.

Phiri wa ku Gazaland: Masiku awiri ndilibe a Mbewe. Koma za madzi mwalasa, m'dzenje la namba 3 munali matope ndi oilo, ma seal a pa kava atha kalekale.

Mbewe wa ku Mabvuku: Ngati mulibe masiku awiri muuzeni mwini wake lero lomwe abwereke galimoto ina. Kuthamanga ndi kumene kumathyola easy-out. Ikathyokera mkatimo mwagwa nayo, chitsulo chake ndi cholimba, dirilo wamba imangoterereka.

Madala Banda: Ndipo ikathyoka mudzatsitsa chiyani? Hedi yomweyo.

Chisale: Bwanji osawotcherera bauti pa katsalako? Kutentha kumamasula dzimbiri, kenako mumangopotokola ndi sipanala. Pa ma stud, ma bauti opanda mutu a ekizosi, ndimatero nthawi zonse.

Mayi Nachisale wa mawaya: A Chisale, stud imakhala poyera. Apa ndi pansi pa chubu chozama, ndodo yowotcherera simuiona pomwe ikugwira, ikakhudza aluminiyamu mwamaliza mpando wa pulagi. Komanso madontho a chitsulo chosungunuka agwera kuti? Mu silinda momwe mwadzaza WD-40 kuyambira m'mawa. Ndipo chonde abale anga, aliyense wowotcherera pa galimoto ya EFI achotse batire ndi kuzula mawaya olowa ku kompyuta, earth aiike pafupi ndi pomwe akuwotcha. Mwezi wathawu anandikokera galimoto kuchokera ku Siyaso atawotcherera bulaketi osachotsa kanthu, kompyuta inapsa, mpaka pano mwini wake akusakasaka ina. Zimandiwawa chifukwa ndi ntchito ya mphindi ziwiri.

Mwale wa ku Graniteside: Mayi akumbutsa chinthu chofunika. Zonse mukuthirazo zikutsikira pa pisitoni poselini akangochoka. Musanamange pulagi yatsopano muzungulitse injini mapulagi onse ali kunja, zilavulidwe. Madzimadzi sapanikizika, mukhoza kupinda konirodi. Chinanso, pogogoda easy-out pisitoni isakhale pamwamba penipeni, nsonga idzaboola mutu wake. Itsikeko pang'ono mavalavu ali otseka. Yezani ndi kawaya.

Zimba: Ine ndili ku Johannesburg ndinagwirako Ford F-150 yochokera ku America, ya injini ya 5.4 Triton ya mavalavu atatu, zija za 2004 mpaka 2008. Kumeneko ndiye kunali kulira. Pulagi yake ndi ya zidutswa ziwiri, kumunsi kuli kachubu kosalala kopanda mathiredi, kaboni amakagwira, ukamamasula kumtunda kumatuluka, kachubuko kamatsala. Pa zisanu ndi zitatu zinathyoka zisanu. Pali chida cha Lisle chopangidwira zomwezo, chimakankhira poselini pansi pang'ono mkati mwa kachubuko, kenako china cha mathiredi a kumanzere chimaluma n'kukoka. Popanda chimenecho sitikanamaliza.

Phiri wa ku Gazaland: Chidacho chingapezeke m'mashopu a zida za galimoto a mu msewu wa Kaguvi?

Zimba: Ngakhale mutachipeza sichikuthandizani achimwene. Pa Ford mathiredi amakhala atatuluka kale, chotsala n'chongokoka. Zanuzo mathiredi ndi amene agwira, ziyenera kuzungulira. Ndimangokumbuka chabe.

Mbewe wa ku Mabvuku: Ikatuluka musasangalale msanga. Kawirikawiri imabwera itamata aluminiyamu m'mizere yake. Dutsitsani chaser, yoyeretsera mathiredi, ya saizi 14 ndi 1.25 mutaipaka girisi wambiri kuti tizidutswa timatirire, mulowetse pang'ono, mutulutse, mupukute, mupakenso. Mathiredi a mu hedi akapita ndiye insert, kachubu ka mathiredi atsopano. Ine ndimakhulupirira yolimba ngati Time-Sert, ya kawaya kopota ija ya Helicoil inanditulukirapo limodzi ndi pulagiyo pa sevisi yotsatira.

Madala Banda: Insert hedi ili pa injini, m'dzenje lozama choncho? Tapu yodulira mathiredi ikapendekeka pang'ono pulagi sikhala pa mpando, iyamba kupuma m'mbali, tsiku lina idzauluka galimoto ili pa Nyamapanda road ndi tomato wa anthu. Ndinayamba ntchito imeneyi pa ma Peugeot 404, ambiri a inu musanabadwe. Hedi ili pa benchi umaona mbali zonse ziwiri, umagogoda kuchokera kunsi, umatsuka, umaonanso mavalavu. Gasiketi ndi yotchipa kuposa injini. Tsitsani.

Chisale: Pomanga yatsopano pakani copper grease, sizidzachitikanso.

Mwale wa ku Graniteside: Pamenepo ayi. A kampani ya mapulagi ya NGK amanena okha kuti mapulagi awo okutidwa aja asapakidwe kanthu, girisi amanamiza dzanja, umamanga mopyola osadziwa. Chimene chimathyola mapulagi kuno ndi anyamata omanga ndi paipi injini ili yamoto, ndi mapulagi abodza ogula pamsewu, bokosi lokongola koma chitsulo chofewa. Lowetsani ndi zala kaye, kenako torque wrench malinga ndi buku.

Chisale: Ine ndapaka zaka zonsezi, palibe inabwerera.

Mayi Nachisale wa mawaya: Za abodzazo a Mwale, mumawazindikira bwanji? Sabata ino ndalandira galimoto ziwiri zodumphadumpha, eni ake akuti ndi koyilo, ndikayeza koyilo ili bwino, mapulagi ndi atsopano.

Mwale wa ku Graniteside: Ndimayang'ana wosha. Ya pulagi yeniyeni siivuka ndi zala, ya yabodza imangotuluka. Zolemba pa poselini nazo zimakhala zosaoneka bwino. Ndikutumizirani zithunzi ndikafika ku shedi.

Mbewe wa ku Mabvuku: A Phiri mwangoti zii, poselini uja watuluka?

Madala Banda: Ngati mwaganiza zotsitsa, soketi ya ma bauti a hedi ndili nayo, tumani mwana ku Mufakose adzatenge.