Core wa ku Barberton: ndi thrust kapena miyala yaima chadodolido?

Takondwa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikulemba log (ndondomeko ya miyala) ya core, mwala wautali wotuluka poboola pansi, wa dzenje lina kumpoto kwa Barberton, ku South Africa. Pamwamba pali talc schist, woterera ngati sopo. Kutsika pang'ono ndi chert wobiriwira, kenako greywacke (mwala wa mchenga) ndi shale (mwala wa matope) za gulu la miyala la Fig Tree. Kumapeto kwenikweni kwatuluka conglomerate wa timiyala tofiira ta jasper, ndikuyesa ndi wa gulu la Moodies, latsopano kuposa Fig Tree. Ndiye kuti wakale ali pamwamba, watsopano pansi. Abwana akuti ndingojambula thrust (mng'alu wokankhira miyala yakale pamwamba pa yatsopano) pa section, chithunzi cha pansi pa nthaka, tithane nazo. Mtima ukukana.

Mayi Nachisale: Musajambule kaye, achimwene. Mwadutsa Onverwacht (schist ndi chert zija, gulu lakale kwambiri), Fig Tree ndi Moodies mondondozana bwinobwino, kungoti chobwerera. Thrust imodzi yokha siingakuyalireni choncho. Thirani madzi pa greywacke, muone bedi (mzere wa mwala wokhazikika nthawi imodzi) lililonse palokha. Mchenga wokhakhala ndiwo umayamba kukhazikika, matope n'kubwera pambuyo. Pamene pali malire akuthwa, mchenga waukulu utagunda shale mwadzidzidzi, ndipo pansi pa bedi. Onani kuti pakuloza kuti.

Yamikani: Musanatero, onetsetsani kuti core sanaikidwe chozondoka m'thireyi. Ine zinandichitikirapo, sabata yathunthu ndikumasulira fold (kupindika kwa miyala) yomwe anaipanga ndi munthu wa shifiti ya usiku.

A Gondwe: Hahaha, zoona. Ndiwonjezere: bedi limodzi lisakunamizeni. Fig Tree ndi yopindikapindika mothina kwambiri, mapiko a fold amagona mofanana, moti way-up, mbali yomwe inali kumwamba poyamba, imatha kutembenuka kangapo pa mamita ochepa. Lembani muvi paliponse pamene grading (kuchoka ku mchenga wokhakhala kupita ku matope) ikuoneka bwino, ndi ngodya ya cleavage (mmene mwala umang'ambikira) poyerekeza ndi mabedi. Za spinifex, makristalo aataliatali a m'chiphalaphala chouma, mu schist'yo iwalani. Ku Komati Formation, gawo la Onverwacht, imathandiza, chifukwa imakhala kumtunda kwa flow ya chiphalaphala, olivine wodikha ali kunsi, koma mwala ukasanduka talc zonsezo zimafufutika.

Takondwa: Ndabwerako ku shedi. Zidutswa zikulumikizana, mathireyi ali bwino. Mabedi ambiri mchenga wokhakhala uli chakumtunda kwa dzenje, matope chakunsi. Ochepa chabe pakati ndiwo atembenukira kwina.

Mayi Nachisale: Basi, mukuboola phiko logadabuzika, ndipo ochepawo ndi fold yaing'ono. Ngati conglomerate'yo ndi Moodies, ya zaka pafupifupi 3.22 biliyoni, pitirizani, muyenera kupeza sandstone wa cross-bedding (timizere topendekeka mkati mwa bedi) wotsimikiza zomwezo.

A Gondwe: Komabe abwana anu sanaphonyeretu. Dera limenelo ma anticline (ma fold otukukira kumwamba) ndi opyapyala ndi ong'ambika, monga mng'alu wa Sheba Fault pakati pa ma syncline (ma fold olowera pansi) a Eureka ndi Ulundi. Malire a schist ndi chert muwayang'anitsitse. Mukaona quartz, carbonate ndi fuchsite wobiriwira, tumizani ku assay akayeze golide, chifukwa golide wa ku mgodi wa Sheba amakonda malo otere.

Takondwa: Fuchsite alipo ndithu. Ndijambula phiko logadabuzika, pamalirepo ndiika shear (pomwe miyala inatsetserekerana) ya mzere wodukaduka. Zikomo akuluakulu, ndikadula masampulo mawa.