Mahedifoni opanda chingwe andikumbitsa pambali pa bikoni, kodi makina anga afa?

Bambo a Yamikani, Chilomoni

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi makina ofufuzira zitsulo pansi, Garrett ACE 250, amene alamu anga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg chaka chatha. Ndi ogwirapo kale ntchito koma sanandivutepo. Ine si wa golide ayi, ntchito yanga ndi ya mipope. Makinawa amandithandiza kulondola mapaipi achitsulo akale amene anakwiririka, ndipo masiku ano anthu ayamba kundiitananso kukawasakira mabikoni akalimbirana malire a puloti. Bikoni ija imakhala ndi kachitsulo pakati pa simenti, ndiye ngakhale dothi la mvula litaikwirira zaka khumi, makina amalira basi.

Mahedifoni a chingwe ndataya awiri. Oyamba anakodwa m'zitsamba zaminga ku Chileka. Achiwiri ndinadula ndekha ndi khasu, makina nditawagoneka pansi chingwe chili chiyalire pamene ndimakumba. Ndiye Loweruka ndinapita ku Limbe n'kugula kathiransimita ka Bluetooth, kotumiza kulira kwa makina popanda chingwe, kakang'ono ngati bokosi la machesi, ndi timahedifoni tolowetsa m'khutu. Ndinagulanso adaputa chifukwa bowo la ACE ndi lalikulu lija la 6.35 mm.

Zikumveka bwinobwino. Koma Lolemba ku Machinjiri ndinachita manyazi. Ndakumba dzenje lolowa mkono mpaka m'chigongono, eni puloti ndi oyandikana nawo ali chilili kundiyang'ana, kanthu osapezeka. Bikoni inali cha kumanzere, pafupifupi chikhatho chimodzi ndi theka. Chimene chikuchitika n'chakuti ndikayendetsa koyilo, mbale ya kumunsi kwa makina imene imafufuza pansi, kupita kumanja, amalirira kumanja, ndikabweza amalirira kumanzere, ngati pali zitsulo ziwiri. Nthawi zina kulirako kumabwera kodukiza, mutu wake utadyeka. Koyilo yatha kodi, kapena ndinagula zinyalala?

Mmisiri wa mawailesi, Ndirande

Achimwene, makina anu ali bwino, musawatsegule. Zimene mwalongosolazo ndi kuchedwa kwa mawu, ndipo wolakwa ndi Bluetooth.

Pa chingwe mawu amafika m'khutu nthawi yomweyo. Pa Bluetooth, thiransimita imayamba yawasandutsa manambala, kuwapanikiza, kuwatumiza, kenako hedifoni iwamasule. Njira wamba imene zipangizo zonse za Bluetooth zomvera nyimbo zimadziwa imatchedwa SBC, ndipo imachedwa pafupifupi mamilisekondi 150 mpaka 250 (mamilisekondi 1,000 ndiwo sekondi imodzi). Pa nyimbo simungadziwe n'komwe, chifukwa palibe chimene mukufananitsa nacho. Koma inu koyilo ikuyenda. Tiyerekeze kuti mukuikupiza mita imodzi pa sekondi. Mawu akachedwa mamilisekondi 200, koyilo yadutsa kale chitsulo ndi masentimita 20. Ndicho chikhatho ndi theka chanucho. Pobwerera imadutsanso masentimita 20 mbali inayo, n'chifukwa chake mukumva ngati zitsulo ziwiri. Chitsulo chenicheni chili pakati pa malo awiriwo.

Yesani nokha pakhomo. Ikani msomali pabwalo poonekera, kupizani koyilo makina akulira pa sipika, kenako lumikizani Bluetooth mubwereze. Muona ndi maso anu.

Mankhwala ake ndi njira ina yotumizira mawu yotchedwa aptX Low Latency, imene imatsitsa kuchedwako kufika pafupifupi mamilisekondi 40, kutanthauza masentimita anayi okha. Koma apa mpamene anthu amatayira ndalama: thiransimita ndi mahedifoni, zonse ziwiri ziyenera kukhala ndi aptX Low Latency. Chimodzi chikasowa, zimagwirizana mwakachetechete kubwerera ku SBC, inu osadziwa. Ndipo aptX yokha, kapena aptX HD, si chinthu chomwecho, pafunika mawu akuti Low Latency kapena LL. AirPods, timahedifoni ta Apple, nazonso sizithandiza, zilibe. Zolembedwa pa katoni musazikhulupirire kwambiri, pa benchi yanga pafika timabokosi tambiri tolembedwa zinthu zimene mkati mulibe. Pitani ndi makinawo ndi msomali m'thumba, mukayesere pomwepo musanalipire.

Za kudukiza kuja: ACE 250 imakhala duu mpaka ipeze chitsulo. Timahedifoni totchipa tikamva zii timagona kuti tisunge batire, ndiye kulira kukabwera timadzuka mochedwa, chiyambi chake chitapita.

Madala a ku Soche

Mwana wanga, mmisiriyu wanena zoona, ine ndingowonjezera za kuthengo. Ndakhala ndi makina otere kuyambira ndisanapume ntchito, ndipo ndikadali pa chingwe. Ndimachipisa mkati mwa malaya, kulowera pakhosi kutulukira m'chiuno, ndipo ndisanagwire khasu ndimayamba ndazula jeki. Chaka chachinayi chino chingwe chomwecho. Batire la mahedifoni ine sindifuna kuliganizira, magetsi akazima usiku wonse m'mawa mumanyamuka ndi chinthu chakufa. ACE yanuyo imangofuna mabatire anayi a AA, ogula pa okala iliyonse.

Koma chimene chandilembetsa ndi ichi: musatseke makutu onse awiri. Mu Okutobala wina ndinali m'munda wa achibale cha ku Lunzu, ndagwada ndikufukula kobiri lachiboo lija la nthawi ya chitaganya, la Rhodesia ndi Nyasaland, lokhala ndi njovu ziwiri. Khutu limodzi linali panja chifukwa cha thukuta. Ndilo linamva kufufuma m'mapesi, mphiri itadzipinda sitepe imodzi kuchokera pa bondo langa. Mphiri sithawa, imangochenjeza ndi mpweya. Ndikanavala zija zothetsa phokoso la kunja zimene anyamata akuzikonda, sindikanalemba pano.

China, kumudzi musayambe kukupiza makina musanaonekere kwa amfumu. Mukumbukire za anamapopa mu 2017, mphekesera zinayambira ku Mulanje ndi Phalombe mpaka kufika mu Blantyre muno, anthu n'kuphedwa chifukwa chongokayikiridwa. Mlendo wonyamula chipangizo chachilendo, makutu otseka, osayankha moni, akudziitanira tsoka. Ndipo mukapeza chinthu chakalekale, kaya mkondo kaya khasu la makolo, lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zimenezo, si zolowetsa m'thumba.

Amayi a Tadala, Bangwe

Moni bambo. Ine ndimagwira ntchito ndi oyeza malo, ndiye mabikoni ndi nsima yanga ya tsiku ndi tsiku. Ifenso tinadutsa momwemo.

Makampani opanga makinawa anaiona kale nkhaniyi, n'chifukwa chake ambiri ali ndi njira yawoyawo yotumizira mawu. Garrett ili ndi Z-Lynk, imene amati imachedwa mamilisekondi 17 okha. Ndi timabokosi tiwiri, kena mumalumikiza pa makina, kena mumakoleka pa lamba n'kulowetsamo mahedifoni alionse a chingwe. Pa ACE yanuyo ikhoza kugwira. Makina a Minelab Equinox 800 amabwera ndi mahedifoni a aptX Low Latency komanso kabokosi kolandirira mawu ka WM 08. Ife tili ndi Nokta Simplex+ yokhala ndi mahedifoni akeake, ndipo kuchedwa sindinakumvepo. Vuto ndi lakuti zonsezi m'sitolo za m'tauni muno sindinazione, pafunika kuitanitsa kunja, ndiye ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu mwina alamu anu omwewo akuthandizeni.

Pakadali pano musataye zimene mwagulazo. Gwiritsani batani la pinpoint, lolozera malo enieni a chitsulo. Mukamva kulira, imani, sunthirani koyilo pambali, dinani batanilo osalisiya, kenako muibweretse pang'onopang'ono mpaka pamene kulira kwakula kwambiri. Koyilo ikamayenda ngati nkhono, kuchedwa kwa Bluetooth sikukhalanso ndi mphamvu. Ine ndimajambula mtanda ndi chala cha nsapato, kuchokera kutsogolo kenako kuchokera m'mbali, n'kukumba pamene mizere yakumana.

Thiransimita muimange ndi mphira pansi pa poika mkono paja, kutali ndi koyilo, ndipo ikhale mbali ya khutu limene mwavala hedifoni. Thupi la munthu limatchinga mafunde a Bluetooth, mukawerama amadukaduka. Foni nayo isakhale m'thumba la kutsogolo pafupi ndi makina, imawalilitsa zopanda pake. Komanso ACE 250 ilibe pochepetsera mawu, choncho gulani mahedifoni okhala ndi voliyumu yake, apo ayi mukadutsa pa lata lokwiririka mudzamva ngati belu la ku HHI lili m'mutu mwanu.

Jah Bless wa ku Mbayani

Amwene, bwanji osangosiya zonsezi n'kumamvera pa sipika? Za ulere, sizichedwa, sizifuna kutchaja.

Bambo a Yamikani, Chilomoni

Aise, sipika ndinayesa tsiku loyamba. Pasanathe mphindi khumi ndinali ndi ana makumi awiri kumbuyo, wina akukuwa kuti apeza golide, mayi wina n'kubwera kudzandiuza kuti chilichonse chotuluka pamenepo ndi cha agogo ake. Chinatuluka chitini cha sadini. Komanso pafupi ndi msewu maminibasi akamaimba mahutala, kulira kofooka kwa paipi yakuya sukumva.

Amisiri, ndayesa za msomali madzulo ano pakhomo, mkazi wanga akundiseka pakhonde. N'zoonadi, pa sipika amalira pamwamba penipeni pa msomali, pa Bluetooth amalira nditaupitirira. Ndayang'ananso katoni ya thiransimita, palembedwa aptX basi, LL palibe. Mtima wakhala pansi kuti koyilo ndi yamoyo.

Amayi a Tadala, zikomo kwambiri, mtanda uja ndauyesa kasanu ndipo kanayi ndalasa pa msomali. Mawa ndili ndi ntchito ya paipi ku Zingwangwa, ndikagwiritsa pinpoint ndi khutu limodzi monga anenera madala. Alamu anga ndawatumizira kale chithunzi cha Z-Lynk pa WhatsApp, akuti abwera pa Khirisimasi. Timahedifoni ta ku Limbe tija mwana wanga wamkazi wayamba kale kutizungulira, akuti pa nyimbo tilibe vuto.