Andilumikize mafupa kapena andiyike disiki yopanga? Msana wandikwana abale

WaThiraki_Joni

Abale anga ndithandizeni maganizo. Ndili ku Joni, ndimayendetsa thiraki, zaka ndili nazo 42. Msana wa mmunsimu wakhala ukundivuta kwa zaka ndithu koma chaka chino nde wafika povuta, ndikakhala pa mpando nthawi yaitali potsika ndimachita kugwira chitseko kaye kudikira kuti uwongoke, kuvala masokosi mmawa ndimachita kukhala pansi. Brufen, diclofenac, jakisoni wa pamsana, zonse ndapanga zimangogwira masiku ochepa basi. Anandijambula MRI akuti disiki, kakhushoni kokhala pakati pa mafupa a msana, ya pa L5-S1 kumunsi kwenikweni kwa msana inatha, yaphwa.

Vuto ndi ili, madokotala awiri andiuza zosiyana. Wina akuti fusion, achotse disikiyo alumikize mafupa awiriwo ndi zitsulo akhale fupa limodzi. Winayo akuti ayi ndikadali wamng'ono, andiyike disiki yopanga kuti msana uzipindikabe. Medical aid ya kuntchito ikuoneka kuti fusion itha kulipira koma disikiyo akuchita kuzungulira. Ine chomwe ndikufuna nkubwerera pa chiwongolero, ana akudalira ine. Alipo anapangapo chimodzi mwa izi?

MayiWaKuZomba

Pepani achimwene, ululu umenewo ndikuudziwa. Ine anandipanga fusion pa L4-L5, pamwamba chabe pa L5-S1 panupo, ku India, koma dziwani kuti vuto langa linali lina, fupa limodzi linasendera kutsogolo nkumapanikiza mitsempha, ndiye mwendo wakumanzere umachita dzanzi mpaka ku chala chachikulu, kuyenda kuchoka panyumba kukafika pa msika ndimapuma panjira. Mwendowo unasiya kupweteka nditangodzuka ku opareshoni, koma msana weniweniwo unatenga nthawi.

Chomwe anthu sakuuzani ndi choti ma screw aja si amene amachiritsa, iwo amangogwirizira kuti pasagwedezeke, chimene chimafunika nchakuti fupa limere lilumikizane lokha ndipo zimenezo ndi miyezi, kwa ena mpaka chaka. Nthawi yonseyo osawerama, osanyamula, osapotokola thupi. Podzuka pa bedi umagubuduka kaye chammbali mapewa ndi chiuno limodzi, kutsitsa miyendo, kenako kudzikankha ndi chigongono. Ndowa ya madzi sindinaigwire miyezi yambiri, kusesa ndinachita kupezetsa tsache la mpini wautali. Panopa ndimawerama bwinobwino, malo amodzi okha akalumikizidwa kuuma kwake sikumadziwika kwenikweni chifukwa chiuno chimathandiza. Ngati mumasuta fodya siyiranitu lero, fupa la wosuta limavuta kulumikizana, dokotala wanga ananenetsa kuti wosuta samugwira.

Kaphiri_77

Man tengani disiki. Fusion ukauma malo amodzi katundu yense amapita pa disiki ya pamwamba pake, pakapita zaka nayonso imatha ubwererenso ku mpeni. Inu ndi wa 42, zaka zogwira ntchito zikadalipo zambiri. Ndipo anthu asakunamizeni kuti ndi zinthu zoyeserera, disiki ya Charité anaipanga ku Berlin mzaka za mma 1980, ku America anaivomereza mu 2004, ina yotchedwa ProDisc mu 2006. Kuchira kwakenso nkwachangu poti sudikira fupa kumera, amakuyendetsa msanga. Medical aid ilimbaneni nayo, dokotala alembe kalata yofotokoza.

Mafizo_Leeds

Ine ndimagwira ntchito ya mafizo kuno ku UK, odwala msana ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku. A Kaphiri zina mwanena zoona koma musawathamangitse achimwenewa.

Funso loyamba si lakuti chitsulo chabwino nchiti, koma ululuwo ukuchokera pati. Achimwene, kodi ukutsikira ku mwendo kapena uli pamsana pokha? Izi nzosiyana kwambiri. Mtsempha ukapanikizika, mwendo nkumawawa kapena kufooka, opareshoni imathandiza bwino ngati mmene anenera mayi aku Zombawo. Koma msana wokha kupweteka MRI nkuonetsa disiki yakuda, apa mpovuta, chifukwa anthu ambiri a msinkhu wanu mutawajambula mupeza madisiki akutha koma iwo sakumva kalikonse. Nde utha kuchotsa disiki ija ululu nkukhalapobe poti sunali kuchokera pamenepo. Nchifukwa chake kuno a NICE, omwe amalemba malangizo a zachipatala, mu 2016 ananena kuti pa ululu wa msana wokha asamayike disiki yopanga, ndipo fusion azipanga pokhapokha ngati ndi pa kafukufuku. Mayiko ena amapangabe ndipo alipo anthu omwe zinawathandiza, koma mudziwe kuti madokotala eni akewo sagwirizana chimodzi.

Chachiwiri, disiki yopanga si ya aliyense. Kumbuyo kwa fupa lililonse la msana kuli timfundo tiwiri ting'onoting'ono, ma facet, timene timagwira ntchito limodzi ndi disiki. Ngati timeneti tinaperepeseka kale, kuyika disiki yoyenda kuli ngati kuyika tayala latsopano pa ekiselo yokutha, malowo aziyendabe ndipo azipwetekabe. Chimodzimodzi ngati fupa linasendera, ngati mafupa ndi ofooka, msana ndi wokhota kapena muli matenda mkati, pamenepo disiki ayi. Nde afunseni madokotala awiriwo za ma facet anu, komanso ngati anakujambulani X-ray mutayima, ina mutawerama ina mutapindikira kumbuyo, ndi imene imaonetsa ngati fupa likusuntha.

Za disiki ya pamwamba kutha zija nzoona zimachitika, koma mbali ina kumakhala kukula komwe, munthu yemwe disiki imodzi inatha nthawi zambiri zinazo zimakhalanso zili panjira. Komanso pa L5-S1 ndi pansi penipeni, pansi pake pali fupa la chiuno losayenda, nde oyandikana naye wodandaulitsa ndi mmodzi yekha wa pamwamba.

Chomaliza ndipo ichi ndimauza Mmalawi aliyense, ngati mukuwonda, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi kapena ululu sukuleka olo mutagona, awonetsetse kuti si TB ya msana, kwathu ndi ku South Africa komwe ilipo yambiri. Ndipo tsiku lomwe mudzamve dzanzi pakati pa miyendo kapena mkodzo kukanika kutuluka kapena kungotuluka wokha, chimbudzi osachimva, musadikire tsiku lomwe anakulemberani, thamangani ku chipatala nthawi yomweyo.

Kaphiri_77

Ndamva a Mafizo, za ma facet sindimadziwa. Koma onani Tiger Woods katswiri wa gofu, anamupanga fusion pa L5-S1 pomwepo mu 2017, mu 2025 nkudzamuyikanso disiki yopanga pa L4-L5, pamwamba pake penipeni. Si zomwe ndimanena zija?

Mafizo_Leeds

Eya koma musaiwale kuti ndi fusion yomweyo anawina nayo mpikisano waukulu wa gofu wa Masters mu 2019 pomwe anthu ankati watha, ndipo msana wake unali utapangidwa kale maopareshoni angapo, kuphatikiza kupotokola thupi kwa gofu moyo wonse. Nkhani yake itha kuikira kumbuyo mbali zonse ziwiri.

Pali china choti achimwene amve poti ndi bambo. Disiki yopanga amalowera kumimba, kusuntha matumbo ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi kuti afike pa msana. Pa L5-S1 pamadutsa timitsempha tina toti tikavulala umuna umabwerera mchikhodzodzo mmalo motuluka, mphamvu zimakhalapo koma kubereka kumavuta. Sizichitika kwa ambiri koma ngati mukufunabe ana funsani osachita manyazi. Fusion inanso amalowera kumimba komweko nde funso ndi lomwelo, mufunse alowera kuti. Ndipo disiki ikadzavuta, kuichotsa ndi opareshoni yoopsa kuposa yoyamba chifukwa zipsera zimakhala zitamatirira ku mitsempha ya magazi ija.

WaThiraki_Joni

Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Ululu wanga uli pamsana ndi mmatako, kumwendo sufika, dzanzi palibe. Ndatenga lipoti la MRI lija kuliwerenganso, pali mzere wonena za facet pa L5-S1 koma palibe anandifotokozera. X-ray yowerama ija sanandijambule. Fodya ndimasuta ndikakhala pa ulendo wautali kuti ndisagone, nde apa ndamva. Mafizo ndinapita pang'ono chabe, amangondiyika chotenthetsa ndi kusisita.

MayiWaKuZomba

Kusisita si mafizo amenewo achimwene, a Mafizo atsimikize. Ine amandipangitsa zolimbitsa minofu ya pamimba ndi mmatako mpaka thukuta, komanso kuyenda tsiku lililonse.

Ganiziraninso za mawa, kodi mudzakhala ku Joni mpaka kale? Mukadzabwerera kumudzi chitsulo chili mthupi, mufunika wokuonani. Ku Lilongwe kuli LION pa Kamuzu Central, chipatala cha mafupa ndi mitsempha, nde musanasankhe mufufuze ngati chomwe akuyikenicho kwathu kuno angathe kuchiyang'anira. Ine mapepala onse, dzina la zitsulo ndi ma CD a sikani ndinabwera nawo ndipo amandifunsa nthawi zonse ndikapita kokaonedwa.

Mafizo_Leeds

Zoona mayi. Achimwene pemphani pulogalamu yeniyeni ya mafizo ya miyezi itatu, yolimbitsa thupi osati yogonekedwa pa bedi, muone kusintha kwake musanasayine chilichonse. Mpando wa mthirakimo nawonso auone, kugwedezeka kwa maola ambiri kumavutitsa msana olo mutapangidwa opareshoni iliyonse, muziyima nkutsika kuyenda pang'ono mukapeza mpata. Mukapita kwa dokotala wa disiki uja mumufunse kuti mzere wa facet uja akuuona bwanji, wapanga maopareshoni amenewa angati, ndipo akuganiza kuti mungabwerere liti pa thiraki ya maulendo ataliatali. Wa fusion uja mumufunse chomwe chikumutsimikizira kuti ululu ukuchokera pa disiki imeneyo. Mudzatiuze zomwe ayankhe.